Tsiku Limene Thako Langa Linagwa ku Barking

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda, koma poti azimayi a ku Barking, kuno ku London, anaimwaza kale m'mafoni, bola muimve kwa mwini wake. Museke chapansipansi, chifukwa ine manyazi ake sanandithebe.

Ndili ndi zaka 48, ndimagwira ntchito pa care home ina ku Greenwich, ndipo ndimasewera pa ayezi. Eya, mwamva bwino. Mayi wa ana atatu, wobadwira ku Ntcheu, kuvala nsapato za mipeni kunsi n'kumatsetsereka! Zinayamba adokotala atandiuza kuti BP yakwera, ndipeze masewera. Ku gym ndinapitako kawiri, kunandibowa. Ku rink, bwalo lotsetserekapo pa ayezi, ndinapita kamodzi, ndinagwa kosawerengeka, koma pobwera ndinkaseka ndekha m'basi.

Amene ankadziwa ndi amuna anga okha, ndipo ndinawalumbiritsa. Azimayi a kutchalitchi ndinkawauza kuti Loweruka m'mawa ndimakhala pa shift. Ndikanawauza bwanji kuti ndikukasewera ndi ana a sukulu?

Chaka chachinayi ndinayamba kulimbana ndi axel. Kumeneko ndi kudumpha choyang'ana kutsogolo, kuzungulira m'malere kamodzi ndi theka, n'kutera ndi mwendo umodzi chobwerera m'mbuyo. Ana amangochita ngati akudumpha ngalande. Koma ife a mafupa akale, kochi wathu Marta, mayi wa ku Poland wosaseka, satilola kuchita chisawawa. Miyezi yambiri ndinkadumpha pouma, kenako pa ayezi atandimanga lamba amene iye amakoka kuti ndisagwe. Ndipo lamulo lake ndi limodzi: palibe kudumpha opanda kabudula wa masiponji. Kabudula ameneyu ali ndi matumba m'mbali ndi kumbuyoku, mumalowetsamo masiponji okhuthala kuti ukagwa usathyoke chiuno.

Tsiku limene Marta anati ndiyese popanda lamba linali Loweruka lomwelo la chilangizo cha Chisomo, mwana wa alamu anga Anabanda, achemwali awo a amuna anga. Zaka makumi awiri alamu akhala akunditenga ngati mwana. Pa mwambo uliwonse ntchito yanga inali yotsuka mbale. Ulendo uno, koyamba, anandiika pa gulu la alangizi, azimayi okhala kutsogolo n'kumuuza mkwatibwi za banja. Ndinasoketsa diresi ku Peckham. Ulemu umenewu ndinaudikira nthawi yaitali, ndipo sindinkafuna kuutaya.

Ku rink, chifukwa cha mantha, ndinakanikiza masiponji awiriawiri m'matumba akumbuyo. Ndinagwa kasanu ndi kawiri. Kachisanu ndi chitatu ndinatera, mogwedera koma ndi mwendo umodzi!

Marta anangoti, "Again."

Kuyang'ana wotchi, hafu thwelofu. Chilangizo wani koloko! Ndinangovula nsapato, n'kuponya diresi pamwamba pa kabudula uja, ndikuti ndikavulira ku toilet ya ku holo. Zipi inakana, ndinaikakamiza, ulendo pa sitima ya District line wa ku holo ku Barking.

Pakhomo la holo ndinakumana ndi alamu.

"Mlamu, nthawi yake ino? Lowani, anthu akudikira inu."

"Ndingofika ku toilet kaye, alamu."

"Mugwire. Tiyeni."

Ndinalowa. Chifukwa chochedwa ndinadutsa pakati pa azimayi onse, chowerama monga mwa ulemu. Kuwerama kumeneko ndi kumene kunandipachika, chifukwa kumbuyoku kunali phiri. Ndinamva phokoso likuzima mzere ndi mzere.

Ndisanakhale, Mai Tembo, nesi wa ku Lusaka amene timapemphera naye, anandikoka dzanja.

"Imwe amake Tadala, mwatibisa! Mwaoneka mushe. Ni ku Turkey?"

"Ku Turkey kukatani?"

"Ah, osanama. Kwamene bayenda bakazi kukaikisa matako! Manje ma shift ya pa Saturday yanali yamene aya?"

Kuti ndikane, ndiye kuti ndiulule kuti zaka zinayi ndakhala ndikunamiza Mpingo wonse, ndipo ndiulule alamu ali pompo. Pakamwa panga panangotuluka kuti, "Mai Tembo, tikambirana bwino."

Anandiphethira diso. "Osayopa, sinizauza munthu."

Sipanathe mphindi zisanu, holo yonse inali itadziwa.

Tsono thupi langa nalo linayamba kundichitira umboni wabodza. Pogwada kupereka moni kwa akuluakulu ndinabuula, poti mawondo anali atalawa ayezi. Pokhala ndinakhalira mbali imodzi. Mtsikana wina anabwera ndi pilo, n'kugwada, "Aunty, akuti mukhalire apa, zisaphwanyike." Mayi Nkhoma, achikulire a zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, anasendera pafupi.

"Mwana wanga, nanga m'ndege pobwera munachita kuimirira?"

"Ayi amayi."

"Zimapweteka?"

"Pang'ono."

Taonani, ndinayankha kuti pang'ono! Ndinali nditayamba kuthirira ndekha bodza la eni ake.

Kenako alamu anandikodola, tinalowa m'khitchini, natseka chitseko.

"Mlamu, ndamva zimene ndamva, ndipo maso ndili nawo. Munthu wokakonzetsa zimene Mulungu anaumba, mwana wanga mumuuza chiyani? Kuti amuna akayang'ana kumbali akakwere ndege? Ndiuzeni zoona. Ngati zili choncho, lero simulankhula."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule zonse. Nthawi yomweyo ng'oma inalira, chitseko chinatseguka, Mai Tembo n'kundigwira mkono. Pa chilangizo chathu mlangizi aliyense amayamba wavina pakati pa bwalo asanalankhule, kuti mkwatibwi aone kuti chiuno si chongovalira siketi.

"Tiyeni tione ngati ma doctor banagwira nchito!" anatero Mai Tembo.

Anandimanga chitenje m'chiuno, anakoka mfundo ndi mphamvu zonse za unesi. Ndinamva masiponji akufinyika, koma ndikanatani?

Ndinayamba mwaulemu, pang'onopang'ono. Koma abale, zaka zinayi za pa ayezi zinandipatsa miyendo. Nthungululu zitayamba, mzimu wa matama unandilowa. Ndinatsika pansi, ndinakwera, ndinatsikanso. Azimayi anaimirira. Ndinaiwala mavuto anga onse, ndinazungulira ndi mwendo umodzi mmene Marta amafunira.

Ndipamene ndinamva chinthu chikutsetsereka pa ntchafu. Chinadutsa pa bondo. Chinagwa pansi, phwa! Chinzake chinatsatira.

Ng'oma inaleka. Kumanja ndinali phiri, kumanzere chigwa.

"Mayo ine!" anakuwa Mayi Nkhoma. "Lagwa! Thako lagwa!"

Mukudziwa kuti pa gulu la Amalawi ku London, ukaponya mwala umagenda nesi. Anandiunjikira anayi.

"Mugonekeni chafufumimba!"

"Osagwira ndi manja! Gloves! Ndani ali ndi ma gloves?"

"Amake Tadala, mukundimva? Lero ndi lachingati?"

Wina anandigwira pa mkono kuwerenga mtima, wina anali atayamba kale kuimbira ambulance. Mai Tembo anathamangira ku khitchini, anabwera ndi kontena ya chakudya, anatapa ayezi mu ndowa ya zakumwa, n'kunyamula masiponji anga ndi chipande, mosamala, kuwaika mmenemo.

"Bangabwezelepo ngati tafika musanga!"

Mayi Nkhoma anali atayambitsa pemphero. Mkwatibwi, amene mwambo umafuna kuti azingoyang'ana pansi, anali ataimirira pa mpando kuti aone bwino.

Ndili chigonere, tsaya pa simenti, ndinakuwa.

"Ndi siponji! Dulani foniyo, ndi siponji! Sindinapite ku Turkey, ndimapita ku ice skating!"



"Ku chiyani?" anafunsa alamu.

"Kotsetsereka pa ayezi, alamu. Loweruka lililonse. Za shift ndinkanama."

Palibe anakhulupirira. Mai Tembo anati ndi shock, anthu amabwebweta choncho. Ndinachita kupempha chikwama changa, n'kutulutsa foni, n'kuwaonetsa kanema amene Marta anajambula m'mawa womwewo. Ine ndinkafuna aone podumpha bwino paja, koma Marta sadula kanthu. Azimayi makumi anayi anaunjikana pa foni imodzi kundionera ndikugwa kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse ndikamenyetsa pansi onse ankayankhira limodzi, "Eeeh!" Pamene ndinatera bwino palibe anaona, anali akupukuta misozi. Wina anachita kutuluka panja kukasekera ku car park.

Ndinafuna pansi patang'ambika ndilowe. Mayi wamkulu, diresi la ku Peckham lili fumbi lokhalokha, thako limodzi lili mu kontena.

Alamu okha sanaseke. Anatenga kontena ija, anatulutsa siponji imodzi, anaifinya, madzi chuu. Anandizungulira pang'onopang'ono. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Ndinadziwa kuti mpando wa alangizi wapita.

"Za bodza la shift tidzakamba achimwene ali pompo," anatero. "Poti si Turkey, mawu mulankhula."

"Zikomo alamu."

"Koma mlamu, ndifunse. Anu enieni, obadwa nawo, ndi mbali iyi?" Analoza kumanzere.

"Eya, alamu."

Anapumira m'mwamba, n'kundipatsira siponji yonyowa ija m'manja.

"Bwezeranipo musanaime kutsogolo. Mwana angataye mtima."

Ndinalangiza mkwatibwi madzi ozizira akuyenderera m'miyendo, ndipo ndinaphunzira kuti chimene wabisa kumbuyo chimagwera pamaso pa anthu.