Fayilo Yanga Inandikweza Ndege

Kalata yoyamba yodandaula ndinailemba Lolemba loyamba la mwezi wa Ogasiti, ndipo kope lake lili m'fayilo yobiriwira, tsamba lachitatu. Ndayamba ndi tsikuli chifukwa ndi pamene ndinadzitchera ndekha msampha, ndi bolopeni yanga yomwe.

Mwana wanga Esinati ndi namwino ku Joni. Atabereka mwana wamwamuna anamutcha dzina langa, n'kunditumizira tikiti ya ndege yonyamukira ku Lusaka kuti ndikakhale nawo pa ubatizo. Nkhani inamveka Zingalume yense. Kutchalitchi abusa anandiimiritsa kutsogolo n'kundipempherera, ndipo akulu a mpingo anzanga anayamba kundipatsa moni ndi manja awiri.

Chimene sankadziwa n'chakuti ine ndimaopa m'mwamba. (Denga la khitchini yathu amafolera mlamu wanga. Anthu ndimawauza kuti ndi msana.) Ankadziwa ndi akazi anga okha, a Naphiri.

Kutatsala masiku ochepa, wailesi inalengeza kuti oyendetsa ndege a kampani yomweyo anyanyala ntchito. Bungwe lawo linkati akugwira maola ochuluka osapuma mokwanira. Andale a dziko lawolo ankakangana, ena akuti awakakamize kubwerera, ena akuti kunyanyala ndi ufulu wawo, onse maso ali pa mavoti. Ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kuthokoza Mulungu ndi mtima wonse.

Koma munthu amene anamupempherera kutsogolo sangasangalale poyera. Ndiye ndinakwiya. Ndinalembera kampaniyo kuti sitalaka imeneyi ndi nkhanza kwa okalamba, kuti oyendetsa ndege sayenera kuloledwa kunyanyala, ndipo kuti andipezere mpando mwamsanga. Mawu oti "mwamsanga" ndinawadula mzere kawiri kunsi kwake. (Wolembayo ndi ine, mphunzitsi wopuma amene ndinanyanyalapo kawiri, ndipo khadi la bungwe la aphunzitsi ndikadali nalo.)

Titatuluka m'tchalitchi ndinawawerengera anzanga kalatayo. Mmodzi wa iwo, a Sakala, anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, sitalaka amathetsa ndi andale. Kalata yopanda chidindo cha wandale ndi pepala lokulungira fodya."

Onse anandiyang'ana. Ndikanatani? M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka ku boma kukaonana ndi khansala wathu, amene ndinamuphunzitsa giredi 4.

"Aphunzitsi, ine ndege sindilamulira," iye anatero. "Ngolo za m'wadi mwanga zomwe sizindimvera."

"Iwe lemba basi."

Analemba kuti ulendo wanga ndi wofunika kwambiri kwa anthu a dera lake, nadinda. Abusa nawo analemba yawo yotsimikiza za ubatizo. Tsamba lachinayi ndi lachisanu.

Nzeru yanga inali yooneka bwino. Ndikafike ku Lusaka, akandikanize, andipatse pepala losonyeza kuti andikaniza, kenako ndikwere basi ya ku Joni, imene matayala ake sachoka pansi. Ulemu wanga ukhalepo, ubatizo ndiupeze.

A Naphiri ankandiyang'ana ndikulongedza.

"Bambo, fayiloyo isiyeni."

"Munthu sayenda wopanda mapepala."

"Chabwino. Mukaziona nokha."

Pabwalo la ndege ndinapeza chipwirikiti. Anthu ankakalipa, ena atakhala pa masutikesi. Nthawi yanga itakwana ndinaika fayilo pa kauntala, n'kuyamba kukalipa nanenso, mwadongosolo, tsamba ndi tsamba. Mtsikana wogwira ntchito pamenepo anawerenga zonse mwachifatse. Kenako anamwetulira. Kumwetulira kumeneko sindinakukonde.

"Agogo, mwachita mwayi. Pali mipando yochepa pa ndege ya kampani ina, inyamuka masana ano. Tikupereka kwa amene ali ndi umboni woti ulendo wawo ndi wachangu. Enawa akungonena pakamwa. Inu mwabwera ndi zidindo."

Ndinacheuka kuyang'ana amene anali pamzere kumbuyo kwanga.

"Mwanawe, apatseni mayi ali kumbuyo kwangawa. Akuoneka otopa."

"Iwowo alibe kalata ya abusa."

Ndinatulutsa khadi la bungwe la aphunzitsi. "Ine ndine munthu wa bungwe. Anzanga akanyanyala, sindingawadumphe n'kukakwera kwina. Ndi ufulu wawo umenewo."

Anatsegula tsamba lachitatu n'kuloza ndi chala. "Koma apa mwalemba kuti sayenera kuloledwa kunyanyala. Siginecha iyi si yanu?"

Inali yanga. Yooneka bwino, ngati nthawi zonse.

Za m'ndegemo ndinena mwachidule. Anandipatsa mpando wa pawindo, ndipo windolo ndinalitseka ndi fayilo. Itayamba kuthamanga ndinagwira mkono wa bambo wina wabizinesi amene anakhala pambali panga. Patapita nthawi anati, "Madala, mkonowu ndikaufunabe tikafika." Ndinaimba chamumtima nyimbo zonse za maliro zimene ndimadziwa. Kenako anabweretsa tiyi. Ndinamuyang'anitsitsa m'kapumo, osatayika ngakhale dontho. Minibasi ya ku Chipata ikanandisambitsa naye. Zimenezi zinandinyansa pang'ono, chifukwa mantha onse aja analibe umboni.

Matayala atagunda pansi ndinati "Ameni" mokweza, anthu n'kuseka. Asekeni. Lamlungu ndinali m'tchalitchi nditanyamula mdzukulu wanga, wonenepa ngati dzungu, ndipo madzi atamugwera pamutu anakuwa ndi mawu a kwathu enieni. Pobwerera ndinakwera basi. Esinati ndinamuuza kuti ndikufuna kuona Zimbabwe.

Ndinamva kuti sitalaka inatha, oyendetsa ndegewo anapatsidwa nthawi yawo yopuma. Ndikugwirizana nazo. Ndaonako ndekha kuti kumwambako kulibe poimika pambali kuti munthu awodzereko. Tsamba lachitatu ndalilemba mtanda, ngakhale sindinalichotse m'fayilo.

Kunyumba a Naphiri anangotenga fayilo n'kuipukuta fumbi. Kutchalitchi a Sakala akuuza aliyense kuti chinandikweza ndi chidindo cha khansala, ndipo khansalayo sakutsutsa.

Vuto ndi lakuti Esinati wagulanso tikiti ya Khirisimasi, ya kampani yoyamba ija, ndipo wati za Zimbabwe asazimvenso. Bungwe la oyendetsa ndege ndalilembera kawiri, makope ali pa tsamba lachisanu ndi chinayi ndi lakhumi, koma kuli zii. Choncho ndikupempha mwaulemu, monga membala wakale wa bungwe la ogwira ntchito, kuti andiyankhe molemba mwezi wa Novembala usanathe: kodi pali madandaulo ena amene atsala, oti n'kunyanyalira ntchito sabata ya Khirisimasi? Ngati palibe, afufuze bwinobwino. Fayilo ndidzaisiya kunyumba.