Mabowo a kachitseko ka Amina

Ndiyambe ndi kunena kuti mwana ali bwino, zala zonse zilipo. Chomwe chinavulala tsiku limenelo ndi ulemu wanga.

Amuna anga amakhoma mbaula m'kashedi kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Mangochi. Pansi m'menemo ndi zidutswa za malata zokhazokha, zakuthwa ngati lumo. Ndiye Amina wathu atayamba kukwawa, mukuganiza anasankha kulowera kuti? Ine kuphika diso lili kushedi, kuchapa diso lili kushedi, mtima uli m'mwamba. Ndinadandaula mpaka bambo ake anapanga kachitseko kachitsulo.

Lachisanu anabowola mabowo olowetsamo misomali yogwirizira kachitsekoko. Ndinaona ndi maso angawa: anayesa msomali, wakana kulowa. Iwo n'kungosamba, n'kuvala mkanjo.

"Bambo a Amina, mabowotu achepa."

"Asiyeni choncho. Ndimaliza ndikabwerako ku mapemphero a Juma."

Asiyeni choncho! Mwana akadulidwe poyembekeza mapemphero? Atangokhota, ndinabereka Amina, kutenga makina obowolera, kusankha kachitsulo kobowolera konenepa bwino (inde, ine katswiri, woti makina amene ndinagwirapo chibadwire ndi tochi). Makina kulira, mabowo kukula, mwana kumbuyo kuseka. Misomali inalowa yokha, mosavuta, ngati alendo pa ukwati. Ndinaimika kachitseko, kumutsitsa mwana, n'kupita kukapala chambo ndikudziyamikira. Ndinaganizanso zoti madzulo ndiwaphunzitse ntchito bambowa.

Sindinamalize ngakhale nsomba imodzi. Gwengwere!

Amina anagwira kachitseko kuti aimirire, kukagwedeza, misomali n'kupulumuka yonse. Ndinamupeza atakwawa pamwamba pa kachitseko komweko, wakhala pakati pa malata, kachidutswa kali m'manja, akukapititsa kukamwa. Mmene ndinakuwira, anthu anathamanga ndi mipini poyesa kwabwera ng'ona. Ndinamutsegula tizala kamodzikamodzi, ndikupemphera mapemphero onse amene ndimadziwa ndi ena ongopeka. Magazi panalibe. Girizi yekha kumasaya.

Pa anthu othamangawo panali apongozi anga (amenewa sachedwa pa zotere). Bambo a Amina anafika, kutola msomali, kuuponya m'bowo, uwo n'kutulukira kunsi. Nkhwi.

"Mayi a Amina, bowo timachepetsa dala. Msomali umalowa ndi nyundo. Ukalowa choncho sutulukanso."

"Nanga bwanji osanena?"

"Ndinati asiyeni."

Apongozi anangoti, "Mwana wanga, tinkayesa wakwatira mkazi. Kani unabweretsa injiniya."

Kachitseko katsopano kali nganganga, Amina amakagwedeza mpaka kutopa. Koma kali ndi loko, ndipo kiyi bambo ake amapita naye kumzikiti. Ndinawauza kuti mwana sadziwa kutsegula chitseko. Anati akudziwa zimenezo.

Ndaphunzira, ndithu. Kungoti dzulo ndinasuzumira mbaula imene akukhoma, ndipo mabowo a mphepo aja... sindikunena kanthu, koma achepa.