Mawu a Stefano anandilanda mkazi

Anzanga, mukandifunsa chifukwa chimene ndinakwatirira mochedwa ndimangoti ntchito ya njanji inandichulukira, koma zoona zake n'zakuti mkazi ndinamutaya ndekha, Lamulungu masana, pansi pa mtengo wa mango ku Cuamba.

Njanji inali itangofika kumene, ine ndili wonyamula katundu pa komboyo, sitima ya pamtunda ija. Misa ikatha tinkasonkhana kagulu pakhomo pa katekisita wathu, bambo Benedito, kuphunzira Malembo. Kunena zoona ine sindinkapitira Malembo. Ndinkapitira Rozalina, mwana wa bambo Anastaziyo, mkulu wa ku Mandimba wogulitsa nsomba zouma. Amalume ndinali nditawatuma kale kukafunsira, tikungodikira yankho.

Tsono tsiku lina katekisita anati, "Sabata ya mawa tidzamva zimene Stefano analankhula asanaponyedwe miyala. Ndi zazitali ndithu. Adzatiwerengere ndani?" Ine dzanja m'mwamba. Chinandikweza dzanjalo n'chiyani? Ndinali nditauza aliyense kuti ndinaphunzira ku mishoni ya Massangulo, chonsecho ndinakhalako miyezi inayi yokha, yambiri ndikuwaza nkhuni za kukhitchini. Zilembo ndinkangozidziwa nkhope, mayina ake ayi.

Ndinabwereka buku la katekisita n'kupita nalo kwa Saidi, mnzanga wachisilamu amene ankalemba katundu pa siteshoni. Anandiseka, koma anavomera. Nthawi yopuma ikakwana, iye kuwerenga, ine kubwereza, kuyambira kwa Abrahamu, kudzera kwa Yosefe mpaka kwa Mose, kufikira zonse zinakhala m'mutu. "Ukafika kumapeto ukweze mawu," anatero Saidi, "pamenepo munthuyu wakwiya."

Tsikulo ndinaimirira nditavala jekete lobwereka, ndipo ndinayamba bwino moti amayi ena ankagwedeza mitu. Kenako tambala analira kumbuyo kwangaku, ndinadzidzimuka, buku pansi. Ndinalitola msangamsanga, koma ulusi wa m'mutu unali utaduka. Ndinamuponya Mose m'dzenje la Yosefe, n'kumugulitsanso ku Iguputo. Katekisita anakhosomola. Kuti ndioneke ngati ndikuwerengadi ndinatembenuza tsamba, kenako lina, kenako linanso, thukuta likutsika mpaka m'jekete la eni ake. Ndiye ndinati basi ndithawire kumapeto kumene ndikukudziwa bwino, pamene Stefano akudzudzula oweruza ake kuti ndi anthu ouma makosi. Ndinatsinzina, ndinakweza mawu monga anandiuzira Saidi, dzanja n'kutambasula, chala chili patsogolo.

Nditatsegula maso, chala changa chinali chitaloza bambo Anastaziyo, pafupifupi kuwakhudza mphuno. Ndipo mkuluyo sabata imeneyo anali atagwa pa njinga pochokera ku Mitande, khosi analikulunga nsalu, losatheka kutembenuka. Kodi pa anthu onse aja chala changa chinasowa wina?

Palibe anaseka, ndipo kukanakhala bwino akanaseka. Bambo Anastaziyo anatembenuka pang'onopang'ono, thupi lonse, kuyang'ana katekisita.

"Aphunzitsi, zimenezi zalembedwa momwemo, kapena mwanayu akunena ine?"

"Zalembedwa ndithu, bambo, taimani ndikuonetseni," anatero katekisita pofuna kundipulumutsa. Anatenga bukulo, analiyang'ana kanthawi, n'kulitembenuza mwakachetechete anthu onse akuona. Chilitolereni pansi paja ndinali nditaligwira mozondoka. Rozalina anaphimba nkhope ndi nsalu, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankalira kapena ankaseka.

Lachitatu amalume anabwera ndi yankho, ndipo anakana ngakhale mpando. Mkulu uja akuti kusadziwa kuwerenga si mlandu, iyenso sadziwa, za khosi nazonso wakhululuka. Koma mkamwini wotha kunama masamba atatu osapumira, ataimirira, mpingo wonse ukuona, iye pakhomo pake sangamukwanitse. Mvula isanagwe Rozalina anakwatiwa ndi telala wa ku Itepela, ndipo katundu wawo pa siteshoni ndinamunyamula ndine.

Stefano miyala inamuwawa tsiku limodzi lokha, n'kukapuma. Ine ndinatha zaka zitatu anzanga a pa njanji akandiona amaumitsa makosi n'kumatembenuka thupi lonse pondipatsa moni. Kuwerenga ndinadzaphunzira pambuyo pake, Saidi yemweyo anandiphunzitsa, koma zoimirira pagulu n'kumalankhula mawu a munthu woti aphedwa tsiku lomwelo, ayi anzanga, zimenezo ndinawasiyira eni ake oyera mtima.