Ameni Wanga wa M'sitolo ya Nsalu

Pa Lirangwe pali anthu amene mpaka lero akandiona amayamba kutsokomola kuti abise kuseka. Bola ndifotokoze ndekha mmene zinayendera, chifukwa ena akuwonjezera zawo.

Nthawi yoti andisudzule inali itayandikira, ndivule zakuda zimene ndinavala chimwalirireni bambo a Mphatso. Pamafunika nsalu yatsopano. Mwana wanga anati ayitanitse pa foni, akuti masiku ano umangoloza chithunzi, wakabaza nkubweretsa. Ndinakana. Nsalu zanga zonse malemu ankagula m'sitolo ina ya amwenye m'tauni, ndipo ndinkafuna yomalizayi ichokere momwemo. (Ndinalankhulanso mwamatama kuti nsalu yosaigwira m'manja ndi ya anthu aulesi.)

Ndinakwera minibasi m'mawa. M'tauni ndinali nditatenga zaka osapondamo. Msewu unali womwewo, koma masitolo ambiri anali otseka, malonda onse atatulukira pakhonde: nsapato za kaunjika, machaja a foni, anyezi. Pamene tinkagula mapoto panali anyamata akubetcha za mpira. Sitolo yathu ndinaizindikira ndi zipilala zake zobiriwira. Chikwangwani chinali chatsopano, koma ine zowerenga ndimachita kugwira chilembo chimodzichimodzi, ndiye sindinavutike nacho.

Nditakankha chitseko, mtsikana wovala bwino anandilandira chikwama nkundikhazika pampando wapulasitiki. Mashelefu mulibe, nsalu mulibe. Pamene pankakhala kauntala panali bambo wa suti yonyezimira atagwira maikolofoni. Ndinazindikira pompo kuti ndalowa m'tchalitchi, mapemphero a masana aja. Ndisanadzuke, abusawo anati, "Tiyeni titseke maso."

Inu mukanatani? Ine anandilera kuti pemphero likayamba munthu sayenda. Ndinatseka maso.

Atatha anati, "Amayi onse amene mulibe amuna, imirirani."

Apa ndinalimbana nazo. Kukhala pansi kukanakhala kunama m'nyumba ya Mulungu, zakudanso zikuonekera. Ndinaimirira. Anatiitana kutsogolo, ine ndekha wa imvi pakati pa atsikana. Abusa anasankha mutu wanga.

"Amayi awa alira mokwanira. Chaka chino chisanathe mwamuna akubwera, ndipo sabwera wapansi. Nenani ameni."

Ndinanena. Mawu anga ndi a kwaya, ndipo maikolofoni inali pakamwa penipeni. (Foni imene inali pakamtengo patsogolo pathu ndinkayesa kuti wina akuchajitsa.)

Potuluka ndinafunsa mayi wogulitsa nthochi pakhonde za amwenye aja. Anati anatseka kalekale, ana awo amagulitsa pa foni, ndipo anthu a ndalama amapita ku masitolo akuluakulu oimika magalimoto. Ndinabwerera chimanjamanja.

Kanema amene foni ija inajambula anafika ku Chileka, kwawo kwa malemu, ine ndisanafike pa Lirangwe. Mawa lake kunabwera uthenga kuti achemwali a malemu, amayi a Fanesi, akundifuna. Iwowa ndi amene amayenera kundivula zakuda, ndipo akakana palibe wina wa kuchimuna angabwere. Ndinawapeza akusola chimanga, foni ya mdzukulu wawo ili pamphasa. Anayatsa, tinaonera limodzi mpaka pamapeto.

"Alamu, ameniyu ndi wanu?"

"Ndi wanga."

"Wamphamvu ndithu. Pamaliro a achimwene simunakweze mawu chonchi."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa zipilala zobiriwira. Iwo ankangosola. Kenako anafunsa, "Ndiye sitolo ija kulibe?"

"Kulibe. Ndi tchalitchi."

Anasiya chitsononkho. Anati diresi lawo la ukwati nsalu yake inachokera mmenemo, achimwene awo ndi amene anawaperekeza, ali kamnyamata konyamula katundu. Aliyense anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Inunso alamu," anatero pomaliza, "munthu wamkulu, simukanangokhala pansi? Mulungu sakudziwa kuti ndinu wamasiye?"



Anaitana mdzukulu uja kuti atisonyeze nsalu pa foni, nasankha okha. Pachithunzi inali yabuluu wodekha. Imene wakabaza anabweretsa inali yowala ngati ya anthu okonza msewu, yopyapyala moti ukaiyang'anitsa kudzuwa umaona mbuzi za aneba. Amayi a Fanesi anati palibe kubweza.

Tsiku losudzula anabwera ndi abale onse, nandimangirira nsaluyo ndi manja awo pamaso pa anthu. Pomanga mfundo anandinong'oneza kuti, "Mwamasuka tsopano. Koma akabwera munthuyo, ayambe wadzera ku Chileka timuone."

Chimene ndaphunzira nchochepa. Ndikafika pakhomo lililonse m'tauni, ndimayamba ndafunsa wa nthochi kuti mkatimo muli chiyani chaka chino.