Nkhondo ya Masitepe Atatu a ku Maglas

Tcherani khutu, inu a ku komboni ya Maglas ndi inu ongodutsa pa basi! M'zaka zija azungu olamulira ku likulu lawo la Sozibele atagalukira mfumukazi yawo, petulo akugulidwa ndi makuponi, mfuti zikulira kumapiri a Belingwe, kuno ku Shabani, tauni ya mgodi kumene Amalawi ambiri anabwera kudzagwira ntchito, kunabuka nkhondo ina imene wailesi sinaitchule. Nkhondo ya masitepe atatu.

Ngwazi yake anali Gadi, Mng'ambathanthwe, Njovu ya Pansi pa Nthaka, amene mgodi unamudya miyendo koma pakamwa unamusiyira. Ankayenda pa mpando wa mawilo a njinga. Msika ankafika. Bawa ankafika. Koma pakhomo pa tchalitchi cha Amalawi panali masitepe atatu, ndipo kwa zaka zinayi Njovu inkaimba nyimbo ili panja, pawindo.

Masitepewo anali ndi mwini wake: Mayi Dorika, Mkuntho wa Chigwirizano, Mfumukazi ya Polishi Wofiira, amene ankawapukuta mpaka ntchentche ikaterapo inkaterereka.

Tsono ukwati wa Eluby, mwana mmodzi yekha wa Gadi, unayandikira. Akulu a mpingo anati palibe vuto, amuna anayi adzamunyamula Gadiyo. Gadi anaimika mpando pakati pa bwalo.

"Akuluakulu! Munthu amanyamulidwa ndi anthu anayi kamodzi kokha, ndipo tsikulo sabwerera kunyumba. Mwana wanga ndikamupereka ndekha, pa mawilo anga. Gumulani masitepe!"

"Maiwe!" anakuwa Mayi Dorika, tsache lili m'mwamba ngati mkondo. "Achimwene, masitepe awa ndawagwadira zaka khumi ndi ziwiri. Mawondo angawa ndi mboni. Wogumula ayambe wagumula ine!"

Mpingo unang'ambika pakati. Mchere unaleka kudutsa mpanda. Kwaya inkaimba nyimbo ziwiri nthawi imodzi.

Pamenepo anadzuka Matiyasi, kapitawo wa ngolovani, tingolo tija tonyamula miyala mumgodi. Anati masitepe akhale, iye amanga chikweza pambali pake. Anabwera ndi gulu lake lonse. Anamanga tsiku limodzi, monga momwe amamangira pansi pa nthaka: chachifupi, chotsetsereka ngati mphuno ya mbuzi. Anaiwala kuti ngolovani imakokedwa ndi chingwe. Ndipo Mayi Dorika, amene sakanatha kuona simenti yamaliseche pa nyumba ya Mulungu, anaipaka polishi kawiri.

Kutatsala sabata, Gadi anabwera kudzayesa. Analavulira m'manja. Anathamangitsa mpando. Anakwera, anakwera, anafika pakati. Mawilo anazungulira pamalo amodzi, kenaka Njovu inabwerera chambuyo, inadutsa bwalo lonse, n'kukaima m'khola la nkhuku za ukwati. Nthenga mbwee!

Palibe anaseka. Gadi anaponya maso pa chitseko cha tchalitchi.

"Ndi manja anu ofooka," anatero Mayi Dorika. "Onani ine."

Anaponda kamodzi. Anaponda kawiri. Mkuntho unakhala pansi, phii, n'kutsetsereka mpaka pa mawilo a mdani wake.

Anayang'anana.

"Mwafika bwanji, Mayi?" anafunsa Gadi.

"Ndafika msanga, achimwene." Anatembenuka. "Iwe Matiyasi! Wamangira munthu kapena ngolovani?"

Pomwepo, m'fumbi ndi m'nthenga, adani awiri anakhazikitsa lamulo limene boma la ku Sozibele, ndi mabuku ake onse, linali lisanawapatse. Chikweza chikakwera tsache limodzi, chitalike masache khumi ndi awiri. Simenti ikadali yaiwisi, ikandidwe ndi tsache lomwelo. Polishi asadzafikepo mpaka kubwera kwa Ambuye. Analilemba ndi choko kuseri kwa chitseko, ndipo Matiyasi anagumula ntchito yake akung'ung'udza m'Chilapalapa, chinenero cha mumgodi.

Loweruka la ukwati, Gadi anakwera yekha, pang'onopang'ono, dzanja la Eluby lili paphewa pake. Analowa. Anaona denga la tchalitchi koyamba m'zaka zinayi, nati lachita dzimbiri.

Pambuyo pake panadutsa mkwati, abusa, kwaya, agogo a ndodo, ndi mpingo wonse, onse pa chikweza. Pa masitepe sipanapondedwe ndi phazi ngakhale limodzi.

Mayi Dorika anaima n'kuwayang'ana akunyezimira, opanda fumbi, opanda chidindo cha nsapato. Anapukuta msozi. Kenaka anatengera Gadi ntchafu ya nkhuku, yaikulu kuposa ya abusa.

"Achimwene," anatero, "nkhondo imeneyi mukanaiyamba kale."