Mmero Umene Unkadzutsa Esiteti

Wokayika aimirire pompano, andiyang'ane m'maso! Ine Namakhwa sindinama, ndikulumbira pali manda a mayi anga ku Mphuka. Mmero wosasawu ndi womwe unkadzutsa esiteti yonse ya tiyi belu la pafakitale litafa, chifukwa ndinkangokwera pachulu m'mamawa n'kukuwa kuti "Kuntchitooo!", basi mabulugamu kugwada, nkhungu ya chiperoni kung'ambika pakati ngati chitenje chakutha, tiyi kudzithyola yekha n'kulumphira m'madengu, mpaka minibasi za ku Limbe kuima pa Bvumbwe madalaivala akuyesa kuti matayala aphulika. Mukumva?

Bwana manijala ankandikonda zedi. Pa Khirisimasi ankandiitanitsa kukalabu kuti ndikuwe pamaso pa alendo awo, ine kungotsegula kukamwa matambula onse phwaa, bwanawo kuseka mpaka misozi, akundimenya paphewa: "Boisterous fellow!" Kalaliki wathu anandimasulira kuti ameneyo ndi munthu wansangala, waphokoso lokoma. Ndinatsala pang'ono kumutcha mwana wanga dzina limenelo.

Ndiye dzinja lija titangovotera matipate, mvula ya Januwale ikukhuthuka, kapitawo anakakamiza azimayi kuthyola tiyi opanda majasi a mvula, mkazi wanga ali ndi pakati akunjenjemera mumzere. Ndinapita pakhomo pa ofesi n'kukuwa ndi mmero womwewo, moti malata anauluka n'kukatera paphiri la Mulanje, mvula inabwerera kumwamba ndi mantha, ndipo galu wa bwana sanauwenso mpaka kufa kwake. Bwana anatuluka osaseka. "Rowdy," anatero. Kalaliki yemwe uja, maso ali pansi, akuti tsopano ndine wosokoneza, woyambitsa chipolowe, nditulutse katundu m'nyumba ya kampani kusanade.

Mwaona? Phokoso ndi lomwelo, koma ukamawaseketsa akupatsa dzina lina, ukawakumbutsa kuti othyola tiyi ndi anthu akupatsanso lina. Chizungu chimenecho ndinachiphunzira nditasenza mphasa pamutu, mkazi wanga akulira pambuyo.

Koma chimene chimandiwawa mpaka lero si bwanayo ayi. Potuluka ndinaima pakati pa nyumba za antchito n'kuitana anzanga mayina awo ndi mphamvu zanga zonse, ine amene ndinkaimitsa minibasi pa Bvumbwe. Zitseko zawo zinali pafupi ngati apa ndi apo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandimva.