Magiya awiri m'chiuno

Malemu amuna anga atatsala pang'ono kutisiya anandiitana pafupi n'kundiuza kuti, "Amayi a Patuma, makina aja muwasamale. Chitsulo chake chilichonse chisachoke m'manja mwanu. Amisiri ndimawadziwa ine. Mukawapatsa chanu, amakubwezerani china." Mawu amenewa ndawasunga zaka zonsezi kuposa mmene ndimasungira mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi. Ndi mawu omwewa amene anandikhazika pansi pamaso pa mudzi wonse, manyazi atandigwira mpaka m'zikhadabo.

Makina amene ndikunenawa ndi osemera zitsulo. Amazungulitsa chitsulo, mmisiri n'kumachipala mpaka chikhale mmene akufunira. Amuna anga anawagula akale kale kwa munthu amene ankatseka malo ake a ntchito, ndipo ngakhale nthawi imeneyo anali atakalamba. Ali m'shedi kuseri kwa nyumba yanga, kufupi ndi Nkaya. Amene amawagwiritsa ntchito tsopano ndi mkamwini wanga, Che Saidi, mwamuna wa Patuma. A zigayo, a njinga zamoto, a komiti za mijigo, onse amabwera kwa iyeyo. Makinawo ndi anga, manja ndi ake, kiyi wa shedi ankagona pansi pa pilo wanga (pilo weniweni, osati amene ndimaika pamwamba kuti anthu aziona).

Mwezi wathawu makina analira kulira kwachilendo, kenako zii. Giya imodzi inathyoka mano atatu. Che Saidi anaimba mafoni, anafunsa uku ndi uku, aliyense n'kumayankha zofanana: makina a mtundu umenewo anasiya kupangidwa, muyende ndi sampulo m'manja mukasake kwa ogulitsa zitsulo zakale. Masabata awiri anatha ntchito itaima. Ndiye tsiku lina Patuma anabwera kudzakhala pakhonde panga, maso ali pansi, atanyamula uthenga wa mwamuna wake.

"Amayi, bambo a Amina akuti mwezi uno ukatha makina asanalire, anyamuka ndi asuweni awo kupita ku Joni."

"Apite okha?"

"Akakhazikika adzatituma. Ine ndi ana."

Patuma ndiye mwana yekhayo amene wanditsalira pakhomo. Akachoka ndiye kuti ndatsala ine, nkhuku ndi makina akufa.

"Akuti muwalole atenge giya yothyokayo apite nayo ku Balaka mawa," anapitiriza Patuma.

"Iyayi. Ndiganize kaye."

Mukudziwa kuti kwathu kuno mpongozi ndi mkamwini sakhalirana pafupi n'kumafunsana mafunso ngati anzake a pa bawo. Che Saidi akafuna kundiuza kanthu amauza mkazi wake, ine ndili pomwepo, nanenso ndimayankhira kwa Patuma yemweyo. Zaka khumi takhala choncho popanda vuto. Koma Patuma, ngakhale ndinamubala ndekha, nkhani zikafika pa mwamuna wake amapendekera uko. Ndiye ndinadzifunsa kuti, munthu amene mtima wake uli kale ku Joni angaisake giyayo ndi mphamvu zake zonse? Si angokazungulira pamsika, kudya tchipisi, n'kubwerako kuti yasowa? Ndinatsimikiza zopita ndekha, osauza munthu.

M'mawa mwake, Che Saidi atapita ku mzikiti, ndinatsegula shedi. Magiya anali atawamasula. Yothyoka ija inali pa thumba, ena ali m'beseni la parafini. Apa ndi pamene nzeru zanga zinandichulukira. Ndinaganiza kuti wogulitsa akaona giya yagweluka mano adziwa kuti ndapanikizika, andikwezera mtengo, mwinanso andipatsa ina yogweluka n'kunena kuti ndi mmene zimakhalira. Ndinapisa dzanja m'beseni, ndinatulutsa ina yathunthu. Ndinaiika pambali pa yothyokayo. Kukula kofanana, maonekedwe ofanana, ngati mapasa. Ndinati eya, sampulo yabwino ndi imeneyi. Ndinaikulunga m'kansalu, n'kuimangirira m'chiuno mkati mwa chitenje, pamene ndimamanga zinthu zofunika.

Kiyi ndinamusiyira Patuma kuti asakayike kanthu. Ndinamuuza kuti ndikupita ku Utale kukaona achemwali anga odwala mwendo. Foni ndinazimitsa (ndinamva kuti masiku ano munthu amatha kukuona pamene uli kudzera m'foni, ndipo sindinafune kuyesa).

Wa kabaza anayamba kundinunkhiza tisanafike n'komwe pamsewu waukulu.

"Anganga, mwanyamula parafini?"

"Yendetsani njinga, bambo. Mphuno siyendetsa."

Ku Balaka ndinapeza bambo wina wogulitsa zitsulo zakale kuseri kwa msika. Ndinatembenukira kukhoma, n'kumasula mfundo, n'kumuonetsa giya ija ndili chapatali. Iye anatambasula dzanja.

"Tabweretsani ndione, mayi."

"Onani ndi maso."

"Nanga ndiyeza bwanji?"

"Amene anakupatsani maso anadziwa kuti mudzayeza."

Anaseka, anzake anasekanso, kenako anati alibe. Sindikudziwa ngati analibedi kapena anangotopa nane. Anandiuza kuti ku Liwonde kuli mkulu wina amene amasunga zitsulo za makina akale. M'minibasi yopita ku Liwonde, mayi amene anakhala pambali panga anandifunsa kawiri ngati ndili ndi chotupa, chifukwa chinthu cholimba chinkamubaya m'nthiti. Ndinamuyankha kuti inde, ndipo n'chopatsirana. Anasendera.

Mkulu wa ku Liwonde uja anali ndi ndevu zoyera ndi magalasi omanga ndi waya. Sanalimbane nane zogwira. Anangowerama, ine nditaifumbata, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Chemwali, giya iyi ndi yabwinobwino. Yalakwa chiyani?"

"Palibe. Ndangofuna ikhale ndi inzake."

"Makina akaima ndiye kuti pali imene yathyoka. Yothyokayo ili kuti? Bweretsani imeneyo."

Ndinadziuza mumtima kuti ayamba. Akufuna ndibwerenso kuti aone njira imene ndimadzera.

"Makinawo ali kuti?" anafunsanso.

"Ku Nselema," ndinatero ine, osaphethira.

"Pa makina amenewa magiya amaoneka ofanana koma safanana, chemwali. Ndikukuuzani ngati mlongo wanga."

Alongo anga ndimawadziwa onse, ndipo iyeyu sanali m'gulumo. Ndinaumirira. Anapukusa mutu, analowa mkati, anagubuduza zitsulo mpaka anatuluka ndi giya yadzimbiri. Ndinaziphatikiza ndekha, ndinawerenga mano ndi chala, makumi anayi uku, makumi anayi uko. Ndinawerenganso kuyambira mbali ina, kuopa kuti mwina anaikapo matsenga. Ndinalipira, ndinamanga zonse ziwiri m'chiuno, n'kunyamuka ndikudzitamandira. Njira yonse ndinkakonza mawu amene ndikauze Patuma kuti auze mwamuna wake.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Ndili chapatali ndinaona anthu adzaza pabwalo panga. Ndinaganiza za maliro, ndinaganiza za moto. Nditayandikira ndinamva mawu okwera, ndipo pakati pa anthuwo, pansi pa fumbi, panali Che Bwanali.

Che Bwanali ndi bambo amene amayenda pa njinga m'midzi muno kugula zitsulo zakutha. Kuyambira kale ine ndimati akangoimba belu lake, ndimatseka chitseko, n'kutuma mawu kwa anansi kuti abise makasu. Palibe chimene anandibera. Ndinkangoona kuti maso ake amakonda kuyang'ana kushedi. Tsikulo njinga yake inali itagona uko, thumba lake litakhuthulidwa, malaya atang'ambika paphewa. Anyamata awiri anaima kumbuyo kwake ndi zibonga. Apampando a chitetezo cha m'mudzi anali atanyamula giya m'mwamba kuti aliyense aone.

Patuma anandithamangira. "Amayi, atibera! Bambo a Amina atsegula shedi m'mawa, apeza giya yabwino ija palibe. Ndiye masana ano apezeka awa akuzungulira kuseri, m'thumba mwawo muli giya."

Dzanja langa linapita lokha m'chiuno.

"Ndanena kale," anatero Che Bwanali. "Ndinamva kuti makina a Che Saidi athyoka giya. Iyi ndinaipeza m'zitsulo zimene ndinagula sabata yatha. Ndabwera kuti ayese ngati ingalowe. Walahi, shedi imeneyo sindinalowemo."

"Akunena zoona pa chimodzi," anatero Che Saidi. "Iyi si imene yasowa. Ndakuuzani kuyambira masana."

"Asintha!" anakuwa Abiti Juma, mnansi wanga, amene ndakhala ndikumuphunzitsa kuchenjera kwa zaka zambiri. "Atenga yabwino, abweretsa yachabe. Si zimene amanena anganga tsiku ndi tsiku? Ukawapatsa chako amakubwezera china!"

Anthu anavomereza ndi phokoso. Wina anati amumange apite naye kupolisi, wina anati kupolisi n'kutali, tithane naye konkuno. Mnyamata mmodzi anakweza chibonga, apampando anamugwira mkono.

"Eni ake afika," anatero apampando. "Anganga, inu ndi amene mwakhala mukutichenjeza za munthu ameneyu. Tinene kuti munalondola. Titani naye?"

Ndikuvomera pano, poti ndayamba kale kuvomera: kwa kanthawi ndinaganiza zokhala chete. Ndinaganiza kuti ndinene kuti mutu ukundipweteka, ndilowe m'nyumba, mawa giya ipezeke yokha m'beseni. Koma chibonga chija chinali chidakali m'mwamba, ndipo Che Bwanali ankandiyang'ana ngati mbuzi imene yaona mpeni. Patuma anandiyalira mphasa kuti ndikhale, poganiza kuti nkhani yandikomola.

Ndinapinda bondo limodzi. M'chiuno munamveka ngwee.

Ndinapinda linalo, mfundo imene inapirira Balaka ndi Liwonde inasankha nthawi imeneyo kumasuka. Giya yoyamba inagwera pa mphasa. Yachiwiri inaima chilili, inagubuduka pang'onopang'ono kudutsa pakati pa anthu, n'kukagona pa phazi la mkamwini wanga.

Ngakhale nkhuku zinasiya kulira.

Che Saidi anaitola, anaipukuta ndi malaya, anaitembenuza. Anatolanso inayo. Sanandiyang'ane, ulemu wake sanautaye. Anatembenukira kwa mkazi wake.

"Amayi a Amina, tawafunsani amayi ngati ku Utale ayamba kugawa magiya kwa odzaona odwala."

Wina anaphulika kuseka kumbuyo, kenako bwalo lonse. Abiti Juma anavundikira nkhope ndi mpango. Ine ndinafotokoza zonse, maso ali pa mphasa: za beseni, za Balaka, za mkulu wa magalasi a waya. Pomaliza ndinayesa kudziwombola.

"Patuma, uwauze kuti ngakhale zili choncho, giya ndaipeza. Makina alira."

Che Saidi anaphatikiza ziwirizo, n'kutembenukira kwa mkazi wake.

"Muwauze amayi kuti agula bwino kwambiri. Yafanana ndendende ndi imene sinathyoke. Yothyoka ija ili ndi mano makumi anayi ndi anayi."

Ndiye kuti tsiku lonse, parafini yense uja, bodza la chotupa, bodza la Nselema, ndinakasaka chinthu chimene tinali nacho kale. Makina anali akufabe, Joni anali pomwepo, ndipo munthu wosalakwa anali pa fumbi chifukwa cha ine.

Che Bwanali anaimirira, anasasa thalauza, anayamba kutolera zitsulo zake. Anatenga giya yake m'manja mwa apampando n'kuiponya m'thumba. Mtima wanga unaponyedwa nayo limodzi. Ndinakwawa ndi maondo, ine amene sindinagwadirepo wogula zitsulo.

"Che Bwanali, pepani. Ndalakwa ndine. Tambala wanga wofiira uyo mutenge, akhale chipepeso."

"Tambala ndamva," anatero. "Malaya angawa asoka ndi tambala?"

"Patuma asoka."

Anandiyang'ana. "Chabwino. Bweretsani giya yothyokayo. Koma asabweretse Che Saidi. Mubweretse inuyo anganga, muiike m'dzanja langa ili, anthu onsewa akuona."

Kuchoka pa mphasa kukafika kushedi ndi mapazi ochepa, koma tsiku limenelo kunatalika kuposa ku Liwonde. Ndinaitenga, ndinabwera nayo, ndinaigwira pamwamba pa dzanja lake. Zala zinakana kutseguka. Ndinamva mawu a malemu m'khutu. Ndinatsinzina, n'kuisiya.

Anaiphatikiza ndi yake ija. Dzino pa dzino, bowo pa bowo. Anapatsira Che Saidi, iye anawerenga, n'kugwedeza mutu. Yothyokayo Che Bwanali anaiponya m'thumba lake, anamanga tambala pa keliyala, anaimba belu katatu pakhomo panga penipeni, n'kumapita. Ndinamupatsa changa, anandibwezera china, monga ananenera malemu. Kungoti chinacho ndi chimene chikuzungulira m'makinamo lero.

Makina analira tsiku lachiwiri lake. Asuweni aja anapita okha ku Joni, Patuma ndi ana ali pano. Koma sabata yomweyo ndinaona pa chitseko cha shedi pali loko watsopano, wamkulu ngati chibakera. Ndinayamikira, ndinati tsopano mwayamba kumva zimene ndimanena za akuba. Ndinatambasula dzanja kuti andipatse kiyi. Patuma anayang'ana kumbali.

"Akuti kiyi azisunga okha, amayi. Akuti wakuba wa m'shedi muno amudziwa."

Giya yowonjezera ija ndinaisunga ine, ndipo sindinena pamene ili. Masiku ano ndimakhala pakhonde ndekha, chifukwa Abiti Juma sanayambe kundilankhula, ndipo ana a m'mudzi akandiona amafunsa kuti lero m'chiuno muli chiyani. Inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa cha ku Nkaya mudzapatuke mudzandione ngati ndidakali moyo. Nyumba yake ndi imene kuseri kukulira makina. Mudzabwere masana, mudzaodire muli pamsewu, ndipo manja anu adzakhale poti ndiziwaona.